Mmene Thawirakuno Anasowera Mwini

Mu Ufumu wa Tilibwino matenda anatha Lachiwiri lina m'mawa. Sanathe ndi mankhwala, anatha ndi lamulo. Mfumu Yaikulu Sindilakwa Wachiwiri inadzuka tsiku limenelo thupi litapepuka, chimfine chimene chinaivutitsa kwa masiku angapo chitachoka, ndipo inaona kuti si ulemu kuti mfumu ichire koma anthu ake n'kumadwalabe ngati akuitsutsa. Inaitanitsa bwalo la nduna, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo alengezi anali atamwazika m'misika yonse kuuza anthu kuti kudwala tsopano n'kugalukira mfumu.

Anthu anamvera, monga ankachitira nthawi zonse. Wonjenjemera ndi malungo ankati akumva nyimbo m'thupi. Wotsokomola ankati akukonza mawu oti akaimbire mfumu. Maliro sanasiye kuchitika, koma kumanda wolankhula m'malo mwa banja ankanena kuti malemuwo amwalira ali bwinobwino, ndipo anthu ankagwedeza mitu kuvomereza kuti n'zoonadi, sanaonepo munthu wathanzi chotere akulowa m'dzenje.

Munthu amene lamuloli linamuchepetsera ntchito kuposa wina aliyense anali Yotamu Kamtukule, Nduna ya Zaumoyo. Yotamu sanali munthu woipa. Anali wamantha chabe, ndipo ku Tilibwino mantha ankamukweza munthu msanga kuposa sukulu. Ali mnyamata anagwirapo ntchito pachipatala china cha kumudzi, kutsuka mabala ndi kubaya jakisoni, kufikira tsiku limene mfumu inaponda munga ikusaka nyama chapafupi. Yotamu anauzula, n'kuuza mfumu kuti phazi lachifumu silinakhudzidwe, umene wavulala ndi mungawo. Mwezi usanathe anali ndi ofesi, galimoto ndi kamimba koyamba kutuluka. Lamulo lija litabwera anasandutsa zipatala kukhala nyumba zopumuliramo anthu athanzi, ndipo ntchito imene inamutsalira inali yopita kunyumba yachifumu m'mawa kukanena kuti dziko lagona bwino.

Pa nthawi imeneyo Tilibwino anali pankhondo ndi ufumu woyandikana nawo wa Sitigonja. Ankalimbirana phiri la Ndilathu, chiphiri cha miyala yokhayokha chimene ngakhale mbuzi zinkachikwera monyinyirika. Phirilo silinavulale pankhondoyo. Imene inapsa inali midzi ya m'tsinde mwake, mbali zonse ziwiri, ndipo anthu ake anasenza mphasa ndi ana n'kuthawira ku Thawirakuno, katauni ka msika ka pamalire. Kataunika kanali pakati pa mitsinje iwiri, mlatho umodzi ukuloza kulikulu la Tilibwino, wina ku Sitigonja. Anthu anadzaza kusukulu, kutchalitchi, kumzikiti ndi pansi pa mabenchi a pamsika. Kenako mvula inabwera, zimbudzi zochepa zimene zinalipo zinasefukira m'zitsime, ndipo kolera inalowa osapempha chilolezo kwa mfumu.

Dzina lake silinkatchulidwa. A Mwalasa, Nduna ya Matamando, amene ntchito yawo inali kuombera m'manja mawu a mfumu asanatuluke n'komwe m'kamwa, anapeza dzina lina. Anati chimene chikuchitika ku Thawirakuno ndi changu cha m'mimba, ndipo n'chizindikiro chakuti nzika za Tilibwino sizizengereza pa chilichonse.

Mkazi wa Yotamu, Nasilina, anabadwira ku Thawirakuno komweko, kumene mayi ake, a Nagama, ankagulitsa tomato ndi mchere pamsika. Atamva kuti changucho chagwetsa pafupifupi mzere wonse wa mayi ake, anamanga kachikwama. Yotamu anamuchonderera. Anati mkazi wa nduna sangaoneke akudwazika anthu m'dziko lopanda odwala, a Mwalasa ali ndi makutu paliponse, aganizeko za nyumba ndi galimoto. Nasilina anayankha kuti sakukadwazika munthu, akungokacheza ndi anthu athanzi amene akulephera kudzuka. Anakwera basi ya m'mawa.

Patangopita masiku ochepa, pamlatho wa mbali ya Tilibwino panaima malole oyera. Anali a bungwe lina la madokotala ndi anamwino ochokera m'maiko osiyanasiyana, amene amayenda kulikonse kumene kuli nkhondo ndi miliri. Dzina lawo lenileni linali lalitali, choncho anthu ankangowatchula kuti Achipatala cha M'matenti. Asilikali anawakaniza kuwoloka, poti chipatala sichingalowe kumene kulibe odwala. Malole anakhala padzuwa ndi pamvula, mankhwala ali m'kati, pamene tsidya linalo, pamtunda woti munthu n'kumva kulira, anthu ankakumba manda. Gidiyoni, wogulitsa makala pamsikapo, ankabwera kugombe kudzawayang'ana. Ankauza anzake kuti boma laganiza bwino: mankhwala a masiku ano ndi amphamvu, amafunika kuwaonera patali.

Mtsogoleri wa alendowo, Dokotala Tabita, mayi wamfupi wa imvi zongoyamba kumene, anapita kulikulu kukaonana ndi nduna. Chilankhulo cha dzikolo anachiphunzira m'misasa ya othawa nkhondo, kwa anthu amene analibe mphamvu zokometsera mawu. Ankadziwa mawu onse a kusanza ndi kutsegula m'mimba, koma a ulemu wa kubwalo sankadziwa ngakhale amodzi.

"Iwe ndiwe nduna ya odwala?" anafunsa atangolowa. "Anthu ako akufa ndi kolera. Tsegula mlatho."

Yotamu anadumpha kukatseka mawindo. Anamuitanitsira tiyi, n'kumufotokozera motsitsa mawu kuti nkhaniyo ndi yaikulu, iyenera kudutsa m'bwalo la nduna, ndipo bwalo lili kalikiliki kukonzekera ukwati wa mwana wamkazi wa mfumu. Analonjeza kuti aiona. Dokotala ankabwera m'mawa uliwonse, ndipo m'mawa uliwonse Yotamu ankaiona nkhaniyo, n'kuitanitsa tiyi.

Zinasintha tsiku limene mayi wina wopikula tomato analowa muofesi ndi dengu lake, atatumidwa ndi a Nagama. Anakhala pansi n'kupereka uthengawo monga anaulandirira. A Nagama akuti Olemekezeka asade nkhawa, mkazi wawo ali bwino kwambiri, moti kuyambira dzulo sakuthanso kudzutsa mutu. Akuti ngati atanganidwa asavutike kubwera, adzangowauza tsiku la mwambo.

Yotamu anathokoza mayiyo n'kumuperekeza pakhomo. Ankadziwa kuti kolera sidikira bwalo. Ankadziwanso kuti munthu womaliza kutchula matenda pamaso pa mfumu tsopano ankaphwanya miyala kuphiri la Ndilathu. Mantha awiriwa analimbana mumtima mwake, ndipo pakati pawo panabadwa nzeru.

Masana omwewo anagwada pamaso pa mfumu ndi nduna zonse. Anati mbiri ya thanzi la Tilibwino yafika kutali, moti madokotala a maiko akunja, atatopa ndi kulephera kwawo, abwera ndi malole kudzaphunzira mmene anthu a mfumu Sindilakwa amakhalira osadwala. Akupempha malo ochepa ku Thawirakuno oti amangepo sukulu, ndi nzika zodzipereka zoti zigone pamabedi kuti iwo aziziyeza n'kumazizwa.

Bwalo linakambirana mozama. Nduna ya Nkhondo inkaopa kuti alendowo angabe thanzilo n'kukaligulitsa ku Sitigonja. Nduna ya Zamaphunziro inakayika ngati mitu ya alendo ingakwanitse maphunziro ozama chotero. A Mwalasa anaimirira n'kulankhula mpaka thukuta linanyowetsa kolala. Anati iwo anaziona kale zimenezi m'maso mwa mfumu chaka chatha, ndipo posachedwa ngakhale dzuwa lidzabwera kudzaphunzira kuwala. Mfumu inamwetulira. Inalamula kuti mlatho utsegulidwe, malowo azitchedwa Sukulu Yaikulu ya Zathanzi ya Sindilakwa, ndipo ogona pamabedi azitchedwa aphunzitsi.

Dokotala Tabita atauzidwa, anati awatchule chilichonse, ngakhale osula mipeni, bola malole awoloke.

Matenti anamangidwa pabwalo la mpira, kuseri kwa msika. Anamwino anakumbitsa zimbudzi, anathira mankhwala m'zitsime, anaika ndowa zosambira m'manja pakhomo lililonse. Anatsitsa mabedi achilendo okhala ndi bowo pakati, loti wodwala wosatha kudzuka azidzithandizira mundowa yoikidwa pansi pake. Aphunzitsi anabwera pamawilibala, pamachira ndi kumsana kwa abale awo, ndipo dzuwa lisanapendeke sukulu inali itadzaza.

Yotamu anawoloka ndi malole oyamba, atavala suti. Anapeza Nasilina pamphasa kuseri kwa benchi ya tomato, mutu uli pamiyendo ya mayi ake. Sanamuzindikire msanga. Maso anali atalowa m'kati, masaya ataphwa, zala zitachita makwinya ngati za munthu amene wachapa tsiku lonse. Anamunyamula yekha, ndipo kupepuka kwake kunamuopsa. Mutenti Dokotala Tabita anafufuza mtsempha padzanja, pamkono, kuphazi, mpaka anaupeza. Zokolekapo dilipi zinali zitatha, choncho anapatsa Yotamu thumba la madziwo kuti aligwire m'mwamba, n'kumuuza kuti akatsitsa mkono mkazi wake afa. Nduna ya Zaumoyo inaima pomwepo mkono uli m'mwamba ngati mwana wofuna kuyankha m'kalasi, nsapato zake zonyezimira zili m'madzi amene sinafune kudziwa kuti ndi a chiyani.

Pabedi loyandikana panali kamtsikana ka mayi wina wothawa ku Sitigonja. Anamwino anayesetsa, koma kanali katafika mochedwa. Mayiyo sanalire mokweza. Anangokafunditsa chitenje chake, n'kupitiriza kukasisita pamsana. Dokotala Tabita anachotsa singano, n'kuyang'ana Yotamu.

"Uyu ndikanamupeza masiku amene unkandipatsa tiyi aja, bwenzi akusewera panja," anatero, n'kupita pabedi lina.

Yotamu anangosintha mkono.

Nasilina sanafe. M'mawa mwake anatsegula maso n'kufunsa kuti ndani waimika mwamuna wake ngati mtengo wa mbendera. Kenako anayamba kumwa madzi a mchere ndi shuga pang'onopang'ono. Pamsika a Nagama ankauza ogula kuti sanayembekezere ulemu wotere: mwana wawo analekeza sukulu panjira, koma lero akuphunzitsa madokotala a kunja, ndipo akuphunzitsa chogona. Gidiyoni anati iye anakafunsira uphunzitsiwo koma anamubweza, akuti mimba yake ndi yaulesi. Manda atsopano anayamba kuchepa.

Zikanatha bwino mfumu ikanapanda kufuna kudzaona sukulu yake. A Mwalasa anatsogola kudzakonza malo. Analamula kuti aphunzitsi otha kuimirira aphunzire nyimbo pamodzi ndi amayi a pamsika, ndipo osatha kuimirira afunditsidwe nsalu za nkhope ya mfumu, anenedwe kuti akusinkhasinkha. Tenti imodzi anaikhuthula n'kuikolopa kuti ndimo mulowe mfumu. Dokotala Tabita analola tenti imodziyo kuti enawo awasiye mumtendere. Yotamu anamupempha, pafupifupi mogwada, kuti tsikulo asatuluke kudzalonjera. Iye anati analibe kale nthawi yolonjera munthu woyenda ndi miyendo yake.

Mfumu inafika ndi ng'oma, asilikali ndi nduna zonse. Inaona matenti oyera mbee atandandalika pabwalo, ndipo maso ake anawala. Inalowa mutenti yokolopedwa ija, n'kuima pafupi ndi bedi. Inafunsa ntchito ya bowolo. Nduna ya Nkhondo inati n'lobisiramo mfuti. Nduna ya Zamaphunziro inati n'losonyeza kuti nzeru za alendo zili ndi mpata pakati. A Mwalasa anati onsewo aphonya: bowolo n'lolowetsa mpweya, kuti munthu wamkulu akamaganizira dziko azimva kuzizira kuchokera pansi. Mfumu inakweza mkanjo wake n'kukhalapo. Inasuntha uku ndi uku, n'kuvomereza kuti mpweya ukulowadi.

Ili chikhalire pomwepo inapereka lamulo. Alendo aphunzira mokwana. Matenti onse ndi mabedi onse apite kulikulu tsiku lomwelo, poti ukwati wa mwana wake wayandikira, ndipo alendo olemekezeka adzakhala pamipando ya mpweya imeneyi. Aphunzitsi apite kwawo, dziko likuwathokoza.

Nduna zinaomba m'manja. Asilikali anayamba kuzula zikhomo. Kum'mawa mitambo inali itada bii, ndipo Yotamu, ataima pakhomo, anaona tenti imene munagona Nasilina ikupendekeka, chingwe chimodzi chitamasulidwa. M'katimo munali anthu amene singano zinali zikadali m'mikono. Anayang'ana nduna zinzake, zonse zikumwetulira. Mawondo ake anagwada okha monga anazolowera, koma pakamwa panatuluka zina.

"Mfumu yanga, mukhale ndi moyo wautali. Bowolo si la mpweya. Pansi pake timaikapo ndowa. Amagonapo ndi anthu odwala kolera amene sangathe kufika kuchimbudzi. Muno monse ndi odwala, mfumu, ndipo mukawachotsera matentiwa afa."

Ng'oma zinaleka. A Mwalasa anatsegula pakamwa kuti atamande, koma kwa nthawi yoyamba anasowa pogwira. Mfumu inayang'ana pansi, pakati pa miyendo yake, kenako inafunsa ndi mawu aang'ono kuti womaliza kugona pabedilo anali ndani. Palibe nduna imene inadziwa. Anayankha ndi a Nagama, amene anali m'gulu la oimba pakhomo.

"Anali a Zefaniya opala matabwa, mfumu. Anaphunzitsa pamenepo mokhulupirika ndithu. Tawaika dzana."

Mfumu inanyamuka mwa njira imene palibe anaionapo ikunyamuka. Mkanjo wachifumu unatsala pakhomo la tenti, nsapato imodzi pamsika, ndipo galimoto inawoloka mlatho zitseko zisanatsekedwe. Nduna zinatsatira wapansi, mwa dongosolo la maudindo awo, kupatula Nduna ya Nkhondo imene inafika tsidya lija galimoto isanafike. Asilikali anataya zikhomo n'kumapukuta manja m'maudzu. Yotamu anatsala chigwadire, mpaka namwino wina anamuuza kuti ngati wamaliza kupemphera athandize kukhomanso zikhomo, mvula yayandikira.

Kulikulu bwalo linakumana ndi vuto lalikulu. Mfumu inasamba kambirimbiri ndipo sinadwale, koma mawu aja anali atamveka ndi anthu ochuluka. Mfumu silakwa, ndipo inanena kuti mu Tilibwino mulibe matenda. Ku Thawirakuno kuli matenda. Nduna zinazungulira mfundo ziwirizi mpaka a Mwalasa anaona kuwala: ndiye kuti Thawirakuno sali mu Tilibwino, ndipo sanakhalemo chiyambire. Ndi wa Sitigonja. Yotamu anachotsedwa paudindo, ndipo chilango chake chinali kupirikitsidwira kudziko lachilendo, kumene anali kale.

Mlengezi anabwera kudzanena zimenezi ataima tsidya la mtsinje, mphepo ikumubera theka la mawu. A Nagama atamvetsa, anati moyo wawo wonse ankalakalaka kuona dziko lakunja, sankadziwa kuti adzafikako atakhala pabenchi ya tomato. Yotamu analowa mutenti n'kukhala m'mphepete mwa bedi la Nasilina. Anamuuza kuti udindo wapita, nyumba yapita, galimoto yapita, ndipo sakudziwa kuti tsopano iye ndi ndani. Nasilina anati iye anakwatiwa ndi mnyamata wotsuka mabala, ndipo kwa zaka zambiri wakhala akudabwa kuti mnyamatayo anapita kuti. Kenako anamupempha kuti amudzutse pang'ono, akufuna kumwa.

Mfumu ya Sitigonja, Ndanenakale, itamva kuti yapatsidwa tauni ya kolera, inati chipongwe chimenechi n'choipa kuposa nkhondo. Inalumbira kuti makolo ake sanapondepo ku Thawirakuno, ndipo siidzagonja n'kulandira. Magulu onse awiri a nkhondo anatsika kuphiri la Ndilathu, lililonse n'kukamanga msasa kutsidya kwa mlatho wake, kulondera kuti tauniyo isalowe m'dziko lawo. Palibe anawombera mfuti, poopa kuti chipolopolo chikagwera m'tauni anthu adzati mwini wake wapezeka.

Umu ndi mmene Thawirakuno anasowera mwini. Okhometsa msonkho wa pamsika anathawa pamodzi ndi nduna. Olemba anyamata usilikali sanabwerenso. Malole a Achipatala cha M'matenti ankawoloka milatho yonse iwiri mosavuta, poti mbali iliyonse inkati akupita kunja kwa dziko, ndipo za kunja si zawo. Asilikali a mbali zonse amene changu chinawagwira ankavula yunifolomu m'bango n'kuwoloka mtsinje, ndipo ankagonekedwa moyandikana, wa Tilibwino apa wa Sitigonja apo, n'kumapatsirana madzi. Dokotala Tabita sankafunsa kumene munthu wachokera, ankangofunsa kuti wayamba liti. Amalonda anasonkherana n'kukumbitsa mijigo ndi zimbudzi zokhala ndi zitseko. Munthu akadwala ankanena kuti wadwala, ndipo ena ankabwerezabwereza pongofuna kumva kukoma kwake.

Yotamu anayamba ndi kutaya ndowa. Suti inatha, kamimba kanaphwa. Anthu sanasiye kumutchula Olemekezeka, ndipo mutenti munkamveka mawu ofooka oti Olemekezeka, ndowa yadzaza kuno. Pang'onopang'ono manja ake anakumbukira ntchito yawo yakale, ndipo tsiku lina Dokotala Tabita anamuona akulowetsa singano mumtsempha wa khanda umene namwino anausowa. Sanamuyamikire. Anangomupatsa tenti yonse kuti aziyang'anira. Mayi wa ku Sitigonja uja, amene mwana wake anamwalira, anatsala pachipatalapo n'kumaphikira odwala phala. Yotamu ankamutungira madzi m'mawa uliwonse osamuuza chifukwa, ndipo mayiyo sanafunse.

Mvula itatha, mliri unatha nawo. Mbiri ya msika wodzaza ndi wopanda msonkho inafika kumalikulu onse awiri, ndipo mafumu anayamba kukumbukira kuti mwina makolo awo anapondako ndithu. Koma kuti Sindilakwa aitenge tauniyo anayenera kuvomera kuti analakwa poipereka, ndipo kuti Ndanenakale aitenge anayenera kubweza zimene ananena kale. Mbali iliyonse inakhazikitsa komiti yofufuza njira yochitira zimenezi popanda kuzichita. A Mwalasa anatumidwa kukaona mmene zinthu zilili. Anaima kumapeto kwa mlatho atatseka mphuno ndi mpango, n'kufunsa mokuwa kuti kuli bwanji. Yotamu anayankha zoona zokhazokha, kuti aliyense ali bwinobwino. A Mwalasa anabwerera n'kukanena kuti kumeneko anthu akutha. Makomiti aja akukumanabe.

Kenako Dokotala Tabita anasonkhanitsa anthu pamsika n'kuwauza kuti gulu lake likupita. Kumpoto kwabuka nkhondo ina, ndipo kumeneko kuli anthu amene alibe ngakhale ndowa. Anasiya matenti awiri, mabokosi a mankhwala, anamwino a komweko amene anawaphunzitsa ntchito, ndi Yotamu. Potsazikana anamugwira chanza, n'kumuuza kuti ndi nduna yoyamba imene waiona ikuchira. Amayi anapatsa Dokotala nkhuku, mphasa ndi dengu la tomato, ndipo a Nagama anayesa komaliza kumuphunzitsa kunena kuti inu kwa akuluakulu. Dokotala anayesa, n'kuuza a Nagama kuti inu usiye kuika tomato woola pansi pa mulu. Malole anawoloka, ana akuwathamangira mpaka pamlatho.

Fumbi lisanakhazikike, Gidiyoni anakwera pathumba la makala n'kunena kuti pali nkhani. Anati tauni yopanda mwini ilibe ulemu. Anthu a kwina akafunsa kuti mfumu yanu ndani, munthu umachita manyazi. Ndipo pano pali munthu wodziwa za kubwalo, amene ananena zoona pamaso pa mfumu, amenenso watayirapo ndowa pafupifupi banja lililonse. Bwanji Yotamu akhale mfumu ya Thawirakuno? Ambiri anavomereza. Wina anathamanga kukatenga mpando wa wometa tsitsi. Wina anati ali ndi chikopa cha mbuzi chimene ukachionera patali chimakhala ngati cha kambuku. Telala anayamba kuyeza mapewa a Yotamu ndi maso.

Yotamu anakana, monga mwa ulemu. Anakananso, koma motsitsa mawu. Kenako anangopezeka atakhala pampando uja, ndipo anaona kuti ukumukwana bwino. Anayang'ana khamulo, nkhope zonse zili kwa iye, ndipo mumtima mwake munadutsa ganizo lakuti mijigo yatsopano ija ilibe maina, komanso kuti pakati pa msika waukulu chonchi pakusowa chipilala chachitali cha munthu wina wake. Anakonza kukhosi. Anakweza dzanja, n'kuyamba kuti, "Anthu anga..."

Nasilina, amene masaya ake tsopano anali atabwerera, anayang'ana mayi ake. A Nagama anapukuta manja pachitenje n'kudutsa pakati pa anthu mosafulumira. Mwa mwambo mpongozi sayang'anizana ndi mkamwini, choncho anaima cham'mbali n'kulankhula akuyang'ana mwendo wa mpando.

"Akamwini, tsikanipo. Tangochira kumene."

Wina anaseka kumzere wa nsomba, ndipo kusekako kunayenda mzere ndi mzere mpaka kwa ogulitsa makala. Yotamu anatsika, akunena kuti amangouyesa ngati ndi wolimba. Wometa anatenga mpando wake mwachangu, poti panali munthu amene ankadikira mutu utametedwa mbali imodzi.